Kandulo ya m'chigoba cha kokonati

Kunyanja, ku Karonga, Nkhata Bay kapena Nkhotakota, kokonati akadyedwa chigoba chake chimathera kudzala kapena pamoto. Chimodzimodzinso ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, kumene kokonati amalimidwa minda yathunthu. Koma chigobachi ndi kambale kolimba, kosasweka wamba, ndipo mukathiramo phula ndi kuikamo chingwe mumapeza kandulo yokhalitsa yoti muziyatsa magetsi akathima. Chofunika kuchikumbukira kuyambira pachiyambi ndi chakuti chigobacho chimayaka, moti anthu ena amawotcha nacho makala. Luso lonse la ntchitoyi lagona pa kusiyanitsa lawi ndi chigoba.

Yambani ndi kokonati wokhwima, wouma. Kumutu kwake kuli timaso titatu, ndipo kamodzi n'kofewa. Kabooleni ndi msomali, madzi mukhuthulire m'kapu. Kenako m'duleni pakati ndi sowo ya mano ang'onoang'ono. Mukam'menya ndi chikwanje amang'aluka mokhotakhota, ndipo mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi umatulutsa phula. Pa zigawo ziwirizo tengani chopanda maso. Ine ulendo woyamba ndinachitira chisoni chigawo cha masocho, ndinatseka bowo ndi pepala n'kuthiramo phula. Pasanathe mphindi imodzi phula lonse linali litayenderera patebulo, mpaka kugwira nsalu. Ngati mukufunitsitsa kuchigwiritsa ntchito, matani bowolo ndi dongo, liume gwa.

Kombani nyama yonse ndi supuni kapena mpeni, tsukani chigoba, muchiyanike padzuwa masiku awiri kapena atatu. Chikakhala ndi chinyezi phula siligwira bwino, ndipo tinyama totsalira timachita nkhungu. Ndevu zakunja kwa chigoba palani zonse, chifukwa ndizo zimayamba kugwira moto. Mukamaliza pekesani ndi sandipepa mpaka chisalale, mupakeko kadontho ka mafuta ophikira kunja kokha. Mudzaona chikusanduka choderapo, chonyezimira ngati chiboliboli.

Chigoba n'chobulungira kunsi, sichikhazikika chokha. Musachiikire mwala kapena kuchitsamiritsa pa buku. Umbani kankhata ka dongo koti chikhalepo, kapena dzazani mchenga m'mbale yachitsulo n'kuchikhazika pamenepo. Mchengawo ndi wabwino koposa chifukwa kandulo ikatayikira kapena chigoba chikayaka, moto umathera pomwepo.

Phula silivuta kupeza. Sonkhanitsani tizidutswa ta makandulo akale, muchotse zingwe zopsereza. Labwino kwambiri ndi phula la njuchi, lomwe alimi ena a njuchi amangolitaya akafinya uchi. Wiritsani zisa zofinyidwazo m'madzi, musefe pa kansalu, musiye zizizire. Phula limayandama pamwamba n'kuuma ngati chikondamoyo chachikasu. Limayaka pang'onopang'ono, limanunkhira uchi, koma ndi lolimba, ndiye mukasakaniza ndi mafuta a kokonati pang'ono limasungunuka bwino m'chigoba chotambalala.

Chingwe chikhale cha thonje. Cha nayiloni chimangosungunuka n'kutulutsa utsi wonunkha. Lukani ulusi wokhuthala wa thonje patatu, ngati mmene amalukira tsitsi, muuviike m'phula losungunuka, muuwongole kuti uume wowongoka. Tengani chitsekerero chachitsulo cha botolo, muchiboole pakati ndi msomali, mupisemo chingwe n'kumanga mfundo kunsi. Dontheserani phula pang'ono pansi pa chigoba, mumatepo chitsekererocho pakati penipeni. Pamwamba pingasani timitengo tiwiri kapena pegi yoyanikira zovala kuti chingwe chiime chilili. Apa musachite changu ayi. Chingwe chikapendekera mbali imodzi, lawi lidzanyambita chigoba. N'chifukwa chake ine ndimakonda zigoba zazing'ono zokwana chingwe chimodzi, kusiyana ndi zazikulu zomwe zimafuna zingwe ziwiri kapena zitatu zoyandikira m'mphepete.

Phula musaliteleke pamoto mwachindunji. Liikeni m'chitini chouma, chitinicho muchikhazike m'poto wa madzi, potoyo ndiye akhale pambaula. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, pamene madzi amawira pa 100, choncho madzi owira amalisungunula lonse popanda kulitenthetsa mopitirira. Likagwira moto mwangozi, musathire madzi, chifukwa limathetheka n'kufalitsa moto. Vundikirani ndi chivundikiro cha poto kapena thirani mchenga. Ana akhale kutali pa nthawi imeneyi, ndipo inu musachoke pambaula kuti mukaone zina.

Likasungunuka lonse, phulani, mudikire pang'ono, kenako thirani m'chigoba pang'onopang'ono, musiye mpata wa sentimita imodzi pamwamba. Ngati mukufuna fungo, madontho ochepa a mafuta onunkhira opangira makandulo athiridwe musanakhuthule. Masamba ouma kapena maluwa musaikemo ngakhale amakongola, chifukwa amayandamira kulawi n'kuyaka. Ena amathira mafuta a citronella pofuna kuingitsa udzudzu, koma zimenezo zisakuchititseni kugona kunja kwa neti. Siyani kanduloyo usiku wonse osaigwedeza. M'mawa mukapeza kadzenje pafupi ndi chingwe, sungunulani phula lotsala mudzazemo.

Musanayatse, dulani chingwe chitsale theka la sentimita. Chachitali chimabweretsa lawi lalikulu ndi mwaye. Tsiku loyamba isiyeni iyake mpaka phula lapamwamba litasungunuka kufika pafupi ndi m'mphepete, apo ayi imakumba dzenje pakati n'kusiya phula lambiri m'mbali. Iikeni kutali ndi makatani, neti ndi denga la udzu, pamalo posawomba mphepo, ndipo muzimitse musanagone kapena kutuluka m'nyumba. Phula likatsala pafupifupi sentimita imodzi pansi, lekani kuyatsa, chifukwa pamenepo lawi lafika pafupi ndi chigoba. Kombani lotsalalo mulisunge m'chitini chija, muyang'ane chigoba padzuwa. Ngati chilibe mng'alu kapena popserera, chithireninso phula. Chikada m'kati kapena kung'aluka, chiponyeni pambaula muphikire tiyi.