Mbama Imodzi, Maliro Atatu: Zomwe Ndatolamo M'buku la The Outsiders



Sabata ino ndamaliza kuwerenga buku la The Outsiders, ndipo kunena zoona likukana kuchoka m'mutu. Analilemba ndi S. E. Hinton, mtsikana wa mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma, m'dziko la America. Anayamba kulilemba ali ku sekondale, ndipo linatuluka mu 1967. Mu 1983 anapanganso filimu yake.

Wofotokoza nkhaniyi ndi Ponyboy Curtis, mnyamata wa zaka 14. Makolo ake anafa pangozi ya galimoto, ndiye akuleredwa ndi achimwene ake a Darry, a zaka 20, omwe anasiya maloto a ku koleji n'kumagwira ntchito yokhoma madenga kuti pakhomo pasagone njala. Mumzindamo muli magulu awiri osamwerana madzi: ma Greaser, ana a anthu osauka, ndi ma Soc, ana a mpondamatiki.

Usiku wina Ponyboy wafika mochedwa, a Darry akwiya n'kumuwaza mbama. Iye watuluka chothawa n'kukapezana ndi mnzake Johnny. Ku paki akumana ndi ma Soc ataledzera, ndipo iwo ayamba kumiza mutu wa Ponyboy m'madzi. Pofuna kupulumutsa mnzake, Johnny abaya mmodzi wa iwo, Bob, ndi mpeni mpaka kufa. Awiriwo akabisala m'tchalitchi chakale chakumudzi. Tsiku lina chigwira moto muli ana, iwo alowa n'kuwapulumutsa, koma Johnny avulala kwambiri ndipo pambuyo pake amwalira kuchipatala. Mnzawo Dally, polephera kupirira, akaba m'sitolo, aloza apolisi ndi mfuti yopanda zipolopolo, iwo n'kumuwombera.

Ndatolamo maphunziro atatu.

Loyamba: gulu limalowa pomwe banja lasiya mpata. Johnny bambo ake ankamumenya, mayi ake osamulabadira. Nthawi zina ankagona panja, kunyumba osamufunafuna n'komwe. Amene ankamufunsa ngati wadya anali anzake a m'gulu basi. Nanga akanawasiya bwanji? Bob naye, ngakhale kwawo kunali ndalama, mnzake akufotokoza kuti makolo ake sankamuletsa chilichonse, pomwe iye ankalakalaka wina atamudzudzula. Wina anamenyedwa, wina analekereredwa, koma onse anathera m'manda.

Lachiwiri: chikondi chobisa chimamveka ngati chidani. Ponyboy ankakhulupirira kuti a Darry samufuna. Sankadziwa kuti ukali wonsewo unali mantha, kuopa kuti aboma angawalande abale awo n'kukawasiya kumalo osungira ana. Anazindikira tsiku lomwe anawaona akulira kuchipatala. Apa mpomwe bukuli linandilasa. Ine ndili ndi mng'ono wanga yemwe akangolowa pakhomo ndimamulandira ndi mafunso: unali kuti, unali ndi ndani, foni yako bwanji sumayankha? Ndayesa kukumbukira tsiku lomwe ndinamuuza kuti ndimamunyadira, sindinalipeze.

Lachitatu: kubwezera kulibe wopambana. Magulu awiriwa anapangana ndewu yaikulu, ndipo ma Greaser anapambana. Anathamangira kuchipatala kukamuuza Johnny, koma iye sanasangalale nazo, anaona kuti ndewuzo n'zopanda phindu. Usiku womwewo anamwalira, usiku womwewonso Dally anaphedwa. Kutacha, osauka anali osaukabe, ndipo Bob sanadzuke.

Sindikunena kuti mwana aliyense wolowerera ndiye kuti kwawo analakwitsa, ayi. Johnny anasankha yekha kuyenda ndi mpeni m'thumba, atamenyedwa koopsa ndi ma Soc miyezi ingapo m'mbuyomo. Mantha ake anali omveka, koma mpeniwo ndi umene unasandutsa usiku umodzi kukhala mlandu wakupha. Zomwe timanyamula "pongodziteteza" tsiku lina zimagwira ntchito.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tonse tikumudziwa Johnny wina wake: amachedwa kubwerera kwawo chifukwa kwawoko kulibe mtendere, amaseka kwambiri pagulu koma sakamba za kunyumba. Sabata ino mufunseni kuti zikuyenda bwanji, ndipo dikirani ayankhe. Ine ndiyamba ndi mng'ono wanga madzulo ano, Insha Allah, ndisanamufunse komwe anali.