Ndikawaphunzitse bwanji Chingerezi ana amene chinenero chawo sindichimva?

FUNSO

Ndine mtsikana wa ku Dedza, ndili chaka chachitatu pa yunivesite ina kumene ndikuphunzira uphunzitsi wa Chingerezi cha ku sekondale. Posachedwapa tipita ku TP, kukayesera kuphunzitsa m'sukulu, ndipo ine andiuza kuti ndikakhala pa sukulu ina yoyendera m'boma la Karonga. Mnzanga amene anakaphunzitsako akuti m'kalasi imodzi mumakhala ana olankhula Chinkhonde, Chitumbuka, Chindali, ena Chiswahili, ndipo ambiri Chingerezi chawo n'chochepa. Kuno timaphunzira masewero a Shakespeare, katchulidwe ka mawu ndi njira zophunzitsira, koma palibe amene wandiuzapo chochita ana 80 akangonditong'olera maso osamva kanthu. Ena akuti ndizikalankhula Chingerezi chokhachokha, ena akuti zikavuta ndizikathawira ku Chichewa. Kodi zaka zitatuzi ndangotaya? Ndikatani ine?

Wodera nkhawa, Zomba

YANKHO

Achemwali, zaka zanuzo simunataye, ndipo pofika kumapeto kwa yankholi muona kuti zina mwa zimene mukuziyesa zopanda ntchito ndi zomwe zikakuthandizeni kwambiri. Koma nkhawa yanu ndi yoona, ndipo sindikufuna kuipeputsa.

Vuto lagona pa mwana amene maphunziro a uphunzitsi amamuganizira. Malamulo a dziko lino pa nkhani ya chinenero cha m'kalasi akhala akusinthasintha. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, Chingerezi n'kukhala cha ntchito za boma. Mu 1996 unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, koma mabuku ndi aphunzitsi okonzekera zimenezi sanapezeke mokwanira. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati chinenero chophunzitsira ndi Chingerezi. Ndiye papepala, mwana wofika Fomu 1 wakhala ndi Chingerezi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo angathe kuwerenga buku, kufunsa funso ndi kulemba chimangirizo. Ameneyo ndi mwana wa papepala. Amene mukamupeze pa sukulu yoyendera ndi wina: waphunzira m'kalasi yodzaza, buku limodzi ana angapo, ndipo akaweruka Chingerezi sachimvanso mpaka mawa lake. Kaya munthu waphunzira ku Zomba, ku Mzuzu, ku Domasi kapena ku Nalikule, akalowa m'kalasi tsiku loyamba amadabwa chimodzimodzi.

Tsono malangizo awiri amene mwapatsidwawo, onse sindikuwavomera.

Olimbikitsa Chingerezi chokhachokha ali ndi mfundo yawo, ndipo tisawanyoze. Mwana amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi, ndipo yunivesite imafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Phunziro lanuli ndiye chipata. Komanso kwa ana ambiri, mphindi zimene ali ndi inu ndiyo nthawi yokhayo imene amve Chingerezi cholongosoka. Choncho muzikachilankhula kwambiri, momveka, mosathamanga. Koma kumva phokoso la chinenero si kuchiphunzira ayi. Katswiri wina wa ku Canada, Jim Cummins, anaonetsa kuti ana obwera kuchokera kunja amatola Chingerezi chocheza m'zaka ziwiri zokha, koma Chingerezi cha m'mabuku, chofotokozera chifukwa ndi kutsutsa mfundo, chimawatengera zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Amenewo ndi ana ozunguliridwa ndi Chingerezi pamsewu, m'sitolo ndi pa wailesi yakanema. Nanga mwana wa ku Kaporo? Mukamuletsa kuganiza m'chinenero chimene amaganizira, saganiza m'Chingerezi, amangokhala chete. Ambirife tikukumbukira masiku amene mwana wogwidwa akulankhula chinenero cha kwawo ankamukoloweka chikwangwani m'khosi kapena kumutuma kukatchetcha. Chimene tinkaphunzira pamenepo chinali kutseka pakamwa.

Okuuzani kuti muzikathawira ku Chichewa akuganiza ngati anthu a ku Dedza. Kwanu zimenezo zikhoza kutheka. Ku Karonga ana ambiri Chichewa amachimva ndithu, popeza anachiphunzira ku pulayimale ndipo amachimva pa wailesi, koma si chinenero cha pa mkeka wa amayi awo. Ndipo chili ndi mbiri yake kumeneko. Chigamulo cha 1968 chija chinachotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo sichinamvekenso pa MBC mpaka 1994. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kusiya sukulu za m'zigawo zina n'kubwerera kwawo. Agogo a ana amene mukawaphunzitse zinthu izi anaziona ndi maso. Sindikuti mukachite manyazi ndi Chichewa chanu. Ndikuti mukachiyese chimodzi mwa zinenero za m'kalasimo, osati khomo lokhalo lolowera. Mukamatanthauzira chilichonse m'Chichewa, mukathandiza ana a antchito a boma obwera kuchokera pakati ndi kumwera, wa Chindali n'kutsala kawiri. Chinanso, ana akadziwa kuti Chichewa chikubwera pambuyo pa chiganizo chilichonse, amasiya kumvetsera Chingerezicho n'kumangodikira.

Njira imene ndikukupemphani kuti mukaiyese yagona pa mfundo yosavuta: zinenero zimene inu simuzidziwa, anawo amazidziwa. Ntchito yanu si kuzilankhula koma kuzipatsa malo ndi nthawi yake.

Tiyerekeze kuti ndi Fomu 2, phunziro la kuwerenga ndi kumvetsa nkhani. Mwalemba nokha ndime ziwiri za Chingerezi zokhudza zivomezi zimene zinagwedeza Karonga mu Disembala 2009, kapena za madzi osefukira a mtsinje wa North Rukuru. Musanawerenge, lembani pa bolodi mawu asanu ndi limodzi ovuta, n'kujambula mizere yotsika pambali pake. Mwana wa Chinkhonde abwere ndi choko adzalembe mawu a kwawo, wa Chitumbuka chimodzimodzi, wa Chiswahili naye. Adzayamba kutsutsana okhaokha kuti liwu loyenera ndi liti, ndipo mkangano umenewo ndi phunziro kale, chifukwa kuti atsutsane ayenera kumvetsa liwu la Chingerezilo. Kenako werengani ndimezo m'Chingerezi, kawiri. Agaweni m'magulu, muwapatse mphindi zisanu zokha kuti akambirane mafunso m'chinenero chilichonse chimene akufuna. Nthawi ikatha, gulu lililonse liyankhe m'Chingerezi, ndipo mwana aliyense alembe ziganizo zake m'Chingerezi m'kope mwake. Cholowa ndi Chingerezi, chotuluka ndi Chingerezi, koma pakatipo mwana waganiza ndi mutu wake wonse.

Akakufunsani kuti mwazitenga kuti zimenezi, musagwe mphwayi. Njirayi ili ndi dzina m'mabuku a ukachenjede, translanguaging. Anaifotokoza koyamba Cen Williams poona mmene ankaphunzitsira m'sukulu za ku Wales, kumene ana ankawerenga m'chinenero china n'kulemba m'china. Ofelia García wa ku New York anaikulitsa, ndipo Leketi Makalela wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg wailembapo zambiri poganizira makalasi a kuno ku Africa, kumene mwana mmodzi amakula ndi zinenero zitatu kapena zinayi. Kafufuzeni zolemba zawo musananyamuke. Ndipo mukailembe njirayi poyera mu lesoni pulani yanu, mphindi zake ndi cholinga chake, kuti mphunzitsi wodzakuyenderani asaganize kuti kalasi yakukanikani. Ahedi ndi mkulu wa dipatimenti ya zinenero muwafotokozere tsiku loyamba, mwaulemu, chifukwa sukulu zambiri zili ndi lamulo loletsa zinenero za makolo pabwalo la sukulu ndipo inu ndinu mlendo.

Tsopano ndibwere ku maphunziro anu a ku yunivesite aja. Phunziro la kapangidwe ka zinenero, limene ophunzira ambiri amangoliloweza kuti akhoze mayeso, ndilo lidzakupatseni maso oonera zolakwa za ana. Mukakhala ndi mulu wa makope usiku, nyali ili pambali, mudzaona kuti zolakwazo sizibwera mwachisawawa. Mtsikana walemba za amayi ake koma ponseponse akuti he. Si ulesi. Chichewa, Chitumbuka, Chinkhonde ndi Chiswahili, zonsezi mlowam'malo wake sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Timawu a ndi the tikusowa kapena taikidwa posayenera, chifukwa zinenero zathu zilibe timawu totere. Funso lokana, monga lofunsa ngati sanabwere dzulo, mwana amayankha yes akutanthauza kuti sanabweredi, monga tichitira tikamati inde. Kubwereka ndi kubwereketsa kwa ife ndi tsinde limodzi, n'chifukwa chake borrow ndi lend zimasokonekera. Mphunzitsi amene sadziwa izi amangothira inki yofiira tsamba lonse, mwana n'kutaya mtima. Amene akudziwa amasankha cholakwa chimodzi sabata imeneyo, n'kuchiika pa bolodi pambali pa chiganizo cha m'chinenero cha anawo, kuti aone okha pamene zinenero ziwirizi zasiyanira.

Za kusokoneza l ndi r zisakudyereni nthawi yambiri. Zikonzeni pamene zikusintha tanthauzo kapena kalembedwe ka liwu, koma osaseketsa nazo kalasi. Mayeso a MANEB ndi olemba. Chimene chidzagwetse ana anu ndi kulephera kufupikitsa nkhani, kulemba manotsi ndi kumanga ndime yokhala ndi mutu ndi miyendo.

Shakespeare nayenso musamutaye. Macbeth ndi nkhani ya munthu wopha mfumu kuti alande mpando, ndipo ana okulira m'dziko la Kyungu, mfumu yaikulu ya Ankhonde, nkhani za ufumu ndi kulowa m'malo amazidziwa kuposa ana ambiri a ku London. Afunseni kaye mmene ufumu umayendera kwawo: wa Chinkhonde anene, wa Chitumbuka anene, inu munene za kwanu kwa Achewa kumene ufumu umatsata kuchikazi. Mukatero mwalowa kale m'sewerolo musanatsegule buku. Pa za afiti a m'sewerolo pokha yendanipo mosamala. M'dziko muno agogo akhala akumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti, ndipo simudziwa kuti mwana amene wakhala pakona uja kwawo kwachitika zotani. Muwauzenso za Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto komweko amene anaphunzira ku Livingstonia, n'kunyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna maphunziro mpaka anakafika ku Khartoum, kenako ku America. Buku lake la I Will Try linatuluka mu 1965. Ana ayenera kudziwa kuti munthu wa kwawo, amene Chingerezi anachiphunzira ngati iwo omwe, analemba buku lowerengedwa m'maiko ambiri.

Pa za chikhalidwe ndinene zochepa. Mwana woyang'ana pansi mukamamulankhula si wamwano kapena wosadziwa, kwawo anamuphunzitsa kuti wamkulu sayang'anitsitsidwa m'maso. Wotereyu, makamaka mtsikana, muyambe kumufunsa ali pagulu laling'ono musanamuimiritse pamaso pa kalasi yonse. Maina awo muwatchule bwino, ndipo likakuvutani mupemphe mwini wake akuphunzitseni. Musasandutse mwana mmodzi mneneri wa mtundu wake wonse, kapena kulekerera nthabwala zonyoza kalankhulidwe ka mtundu wina, ngakhale zitaoneka zazing'ono.

Luso limeneli silidzathera ku Karonga. Boma likadzakulembani ntchito likhoza kukutumizani ku Mangochi, kumene ana ambiri ndi a Chiyao ndipo ena anayamba kuwerenga ku madrasa ndi zilembo za Chiarabu, kapena ku Nsanje kwa Asena, kapena ku Chitipa kumene zinenero n'zochuluka koposa. Ngakhale ku Dowa, pakati penipeni pa Achewa, kuli msasa wa Dzaleka umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mwana wa ku Congo amene anayamba sukulu m'Chifalansa amafika akudziwa kale kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, ndipo mawu ambiri aatali a Chingerezi amawazindikira msanga chifukwa amafanana ndi a Chifalansa. Mphunzitsi amene sanafunse sangadziwe kuti ali ndi chuma chotere m'kalasi mwake.

Miyezi imene yatsalayi muigwiritse ntchito chonchi. Pa yunivesite panupo pali anzanu a ku Karonga ndi ku Rumphi, mwina mumadya nawo limodzi. Apempheni akuphunzitseni malonje ndi mawu ochepa a m'kalasi. Monire, yewo ndi ndagha sizitenga sabata kuziphunzira, koma ana ndi makolo awo adzaona kuti mwabwera ndi ulemu. Popeza muli ku Zomba, kafikeni ku Centre for Language Studies, likulu limene linakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, mukafunse zimene ali nazo pa Chitumbuka ndi zinenero zina za kumpoto. Werenganinso zimene akatswiri athu monga Pascal Kishindo, Edrinnie Kayambazinthu ndi Gregory Kamwendo analemba pa nkhani ya zinenero m'Malawi. Ndipo funso mwandifunsali mukalifunsenso m'kalasi ya njira zophunzitsira, pamaso pa anzanu onse. Ine ndimakhulupirira kuti aliyense wophunzira uphunzitsi wa Chingerezi m'dziko muno ayenera kukhala ndi phunziro lathunthu la kaphunzitsidwe ka kalasi ya zinenero zambiri, ndipo maphunziro otere amayamba ophunzira akamawafuna mokweza.

Sabata yoyamba ku Karonga musathamangire silabasi. Gawani timapepala, mwana aliyense alembe dzina lake, chinenero chimene amalankhula ndi amayi ake, chimene amalankhula ndi anzake, zina zimene amamva, ndi ziganizo zitatu za Chingerezi zofotokoza ulendo wake wochokera kunyumba kufika kusukulu. Timapepalato tikakuuzani mmene mungagawire magulu, amene angathandize anzawo, ndi cholakwa choyamba kuchigwira. Mukatisunge bwino pamodzi ndi kope lolembamo zimene zayenda ndi zimene zakanika tsiku lililonse, chifukwa chaka chachinayi adzakufunsani mutu wa kafukufuku, ndipo mudzakhala muli nawo kale. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kudzamva mmene anawo anakulandirirani.