Phunziro 9: Mneneri Patsinde pa Mtengo

Sabata Masana

Vesi loloweza: 1 Mafumu 19:7.

M'mipingo yathu yambiri muli malo amene anangotsala opanda mwini. Mlongo amene ankatsogolera nyimbo waleka kubwera. Tikapita kukamzonda timampeza ali gone m'nyumba dzuwa lili paliwombo, mbale zadzulo zosatsuka, mawu akuchita kukoka. Pobwerera timanong'onezana kuti chikhulupiriro chake chazirala. Ena amaganizira tchimo lobisika, ena amati walodzedwa. Sabata ino tiona kuti kawirikawiri munthu wotere akudwala, ndipo tifunsa chimene Mulungu anachita pamene mneneri wake anagwa mumdima wofanana ndi umenewu.

Tsiku Loyamba: Kuchokera ku Karimeli Kunka Kuchipululu

Werengani 1 Mafumu 19:1-5. Kodi Eliya anapempha chiyani, nanga n'chiyani chinali chitangochitika?

Eliya anali atangoona moto ukutsika kumwamba pamaso pa aneneri 450 a Baala, ndipo anathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu kufikira ku Yezreeli. Koma uthenga umodzi wa Yezebeli unamthyola mafupa. Anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake komweko, nalowa yekha m'chipululu, napempha kufa. Taonani zimene zinamgwera: kutopa kwa thupi, mantha, kudzipatula kwa anthu, kudziyesa wachabe, ndi kulakalaka imfa. Sitingathe kupima mneneri wakale monga dokotala apimira wodwala, komabe aliyense amene anadwazikapo munthu wovutika maganizo awazindikira mawu amenewa.

Matenda amene madokotala amawatcha depression amasiyana ndi chisoni cha masiku onse. Munthu amakhala wosweka mtima, kapena wosakondwera ndi kanthu kalikonse, pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kupitirira. Tulo timasokonekera, chakudya sichikoma, mphamvu zimatha. Ambiri mwa anthu athu satchula chisoni ayi. Amadandaula mutu, kugunda kwa mtima, kuphwanya kwa thupi, kapena kuti akuganiza kwambiri. Bungwe la World Health Organization linayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa. Magwero ake ndi osakanikirana: chibadwa cha kumtundu, matenda ena okhalitsa, ngongole, nkhanza za m'banja, imfa ya wokondedwa, ndipo amayi ena amawayamba atangochira.

Tsiku Lachiwiri: Mkate, Madzi ndi Tulo

Werengani 1 Mafumu 19:5-18. Lembani mwandondomeko zimene Mulungu anamchitira Eliya.

Mngelo sanabwere ndi ulaliki. Anamkhudza, namuonetsa mkate ndi mtsuko wa madzi, namleka agonenso. Kenaka anabweranso kachiwiri ndi chakudya. Atayenda masiku 40 nafika ku Horebu, m'pamene Mulungu anamfunsa funso, ndipo anamlola kunena dandaulo lomwelo kawiri osamdula mawu. Pambuyo pa zonsezi anakonza maganizo ake olakwika, pomuuza za anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, nampatsa ntchito, nampatsanso Elisa woti ayende naye. Ife timakonda kuyambira kumapeto. Timafika ndi mavesi odzudzula kwa munthu amene sanadye masiku awiri, kenaka n'kudabwa kuti sakutimvera.

Kumvetsera kumachiza ndithu. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, imene imaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala ndi kukambirana ndi ovutika maganizo za mavuto awo limodzi ndi limodzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti odwala ambiri anapeza bwino. Pamene matenda akula pamafunikanso mankhwala, monga amitriptyline kapena fluoxetine. Amenewa sagwira ntchito tsiku limodzi. Pamapita masabata angapo, ndipo ambiri amawasiya msanga poyesa kuti ndi opanda pake. Ife amene timathamangira ku Malamulo ndi wodwala malungo, osayamba tamfunsa za machimo ake, tilibe chifukwa chochitira manyazi mankhwala a ubongo. Yerekezani ndi yankho la Yesu pa Yohane 9:1-3.

Tsiku Lachitatu: Changu Chimene Chingatinyenge

Pali matenda ena ovuta kuwazindikira mumpingo koposa oyambawa, otchedwa bipolar. Mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali nawo. Wodwala amatsika kulowa mumdima monga taonera, koma nthawi zina amakwera mopyola muyeso kwa sabata imodzi kapena kupitirira. Amagona maola awiri kapena atatu osamva kutopa, amalankhula mofulumira osalola kudulidwa, amayamba ntchito khumi nthawi imodzi, amamwaza ndalama za sukulu ya ana, ndipo amapsa mtima akaletsedwa.

Apa tiyenera kudzifunsa moona mtima. Mbale akayamba kulalikira pamsika usiku wonse, nagawa katundu wa m'nyumba, nanena kuti walandira uthenga wapadera wa dziko lonse, ena a ife timaombera m'manja kuti wadzazidwa ndi Mzimu. Mkazi wake, amene akuona kuti bamboyo sanagone masiku asanu, tikhoza kumuyesa wotsekereza ntchito ya Ambuye. Pakapita miyezi ingapo mbale yemweyo n'kudzitsekera m'chipinda, timati wabwerera m'mbuyo. Talakwa kawiri: tinatamanda matenda, kenaka tinadzudzula matenda omwewo. Pakati pa zipatso za Mzimu pali mtendere ndi kudziletsa (Agalatiya 5:22, 23). Changu cholanda munthu tulo ndi nzeru chiyenera kuonedwa ndi achipatala.

Matendawa amagonjetseka, ngakhale kuti ambiri amamwa mankhwala kwa zaka zambiri. Mu 1949 dokotala wa ku Australia, John Cade, anafalitsa zimene anapeza zakuti lithium amakhazika pansi odwala otere, ndipo mankhwalawa akugwirabe ntchito, koma amafuna kuyeza magazi kawirikawiri. Achibale auze dokotala za nyengo zokwera zija, pakuti mankhwala a depression akaperekedwa okha angathe kuziutsa. Thandizo limayambira pachipatala cha boma, ndipo aliponso akatswiri ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Munthu akatchula za kudzipha, timfunse mosabisa, pakuti kufunsa sikumpatsa maganizowo. Tichotse mankhwala a mbewu ndi zingwe, tisamsiye yekha, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Funso lokambirana m'kalasi: Eliya anasiya mnyamata wake ku Beereseba. Ndani m'kalasi mwathu amene sanaonekepo masabata atatu apitawa, ndipo ndani wa ife apite kwawo dzuwa lisanalowe lero?