Makalata a ku Uliwa: Za Makina a Sukulu ndi Ana Athu pa Intaneti

MUULUTSI: Thumba la makalata la sabata ino ladzala ndi ochokera kummwera kwa boma la Karonga, pa Uliwa, ku Hara ndi ku Chilumba. Alangizi athu a za makina a m'sukulu akhala kale pampando. Bambo, kalata yoyamba njochokera kwa mnyamata wa Fomu 4 wa ku Chilumba, amene akuti munthu wina wa m'gulu la WhatsApp akumulonjeza mapepala a mayeso a MSCE asanalembedwe, ngati iye atumiza ndalama pa foni. Akufunsa ngati angamukhulupirire munthuyo.

MLANGIZI: Mwananga, usatumize ngakhale tambala imodzi. Wogulitsa likasa akakhala wonama wakubera ndalama za makolo ako, ndipo akakhala woona wakubera chaka chathunthu. Pakuti amene anali m'Fomu 4 mu 2020 sanaiwale mmene boma linathetsera mayeso onse a MSCE mu Novembala, mapepala atafala pa mafoni, kotero kuti olakwa ndi osalakwa omwe anabwerera kukalembanso mu Januwale 2021. Tuluka m'gulu limenelo usiku uno, ndipo mawa uwadziwitse aphunzitsi ako. Tipitirire.

MUULUTSI: Mayi wina wolima mpunga ku Hara akuti analandira foni kwa munthu wodzitcha mphunzitsi, wonena kuti mwana wawo wakomoka ku sukulu yogonera komweko ndipo pakufunika ndalama za chipatala msangamsanga. Anatumiza, koma mwanayo anamupeza ali bwinobwino m'kalasi.

MLANGIZI: Pepani amayi, ndipo musachite manyazi, chifukwa akuba amenewa amadziwa kuti mtima wa kholo ukamva za mwana sudikira kuganiza. Ndimanena sabata ndi sabata, ndipo ndinenanso lero: aliyense wokufulumizani kutumiza ndalama, mudule foni, muimbire mphunzitsi wamkulu pa nambala imene munaitenga nokha tsiku lotsegulira sukulu. Nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena ya Airtel Money si yopatsa munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani. Nambala ya wakubayo mukaipereke ku polisi ndi ku kampani ya foni; kuyambira 2018 nambala iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake, choncho pali poyambira kufufuza.

MUULUTSI: Yachitatu njaitali. Alemba ndi wapampando wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale pafupi ndi msika wa Uliwa. Akuti zaka zapitazo munthu wina wakufuna kwabwino anawapatsa makompyuta ndi sola, panali magule ndi zolankhula, koma lero makompyuta onse anafa, ndipo mphunzitsi amene ankawadziwa anasamutsidwa. Tsopano akufuna kudziwa kumene angakapemphe makompyuta atsopano, pamodzi ndi intaneti, kuti ana awo asatsalire.

MLANGIZI: Apa ndiye pamene ndikhazikike, ndipo a wapampando mundikhululukire ngati mawu anga amveka ngati chidzudzulo pagulu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mwalemba kuti makompyutawo anafa, koma simunalembe amene anawatsegula ndi kuwayesa nanena kuti afadi. M'sukulu zambiri za m'mbali mwa nyanja kumene ndaitanidwa kukaona makina otchedwa akufa, ndapeza kuti makinawo ngamoyo, ndipo chimene chinafa ndi batire. Ndipo batirelo silinafe lokha, linaphedwa. Batire la sola la mtundu umene timagula m'masitolo athu silifuna kukamidwa mpaka kuuma, pakuti likamatsika kupitirira theka tsiku ndi tsiku moyo wake umafupika, ndipo kutentha kwa ku Karonga, kumene inu mukukudziwa bwino m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kumalikalambitsa msanga koposa. Nanga pamene batire lomwelo, limene linayesedwa kuti likwanire chipinda chimodzi cha ana, likutchaja mafoni a mudzi wonse masana, ndipo usiku likuonetsa mpira kunyumba ya mphunzitsi, mwati lidzakhala zaka zingati? Onjezani fumbi la m'chilimwe limene limaphimba mapanelo popanda wowapukuta, makoswe amene amatafuna mawaya kudenga, ndi mphenzi za m'dzinja zimene zimapeza makina osazulidwa pa soketi, ndipo mudzaona kuti imfa imene mukuinena inayamba tsiku lomwe lija la magule, pamene aliyense anaomba m'manja koma palibe amene anafunsa kuti: nanga mdindo wa zinthu izi ndani?

Malembo amatikumbutsa za munthu womanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, ndipo ine ndikuti sukulu yolandira makina iyenera kuwerengera mtengo wa chaka chachitatu, osati wa tsiku loyamba, pakuti wopereka mphatso amalipira tsiku loyamba lokha. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa inu. Pa mjigo wa m'mudzi mwanu pali komiti, pali msungichuma, khomo lililonse limasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo pali mmisiri wodziwika amene mumamuitana mphira zikatha; simudikira kuti amene anakumba mjigowo abwererenso. Chimene munachiphunzira pa madzi, chichiteni pa makina. Pamene mukulemba ndondomeko ya chitukuko cha sukulu, ndi pamene mukukambirana za ndalama za boma za SIG ndi zopereka za makolo, mzere wa batire ndi wa mmisiri ulembedwe poyera, a PEA oyang'anira sukulu za m'zoni yanu auone, ndipo mafumu aumve.

Za mphunzitsi wosamutsidwa nazo ndinenepo, chifukwa bala limeneli ndimakumana nalo kulikonse. Boma lidzasamutsa aphunzitsi mpaka kalekale, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Cholakwa chili pa sukulu imene inalola kuti kiyi wa chipinda, mawu achinsinsi otsegulira makina, ndi luso lonse, zikhale m'thumba la munthu mmodzi. Aphunzitsi odziwa makina akhale awiri, ndipo ngati n'kotheka mmodzi akhale wamkazi, kuti atsikana akhale ndi womufikira momasuka. Pakhale kaundula, kope wamba la mizere, mmene chida chilichonse chalembedwa ndi nambala yake, tsiku limene chinafika, ndi dzina la wochitulutsa ndi wochibweza. Pakuti chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, ndipo chinthu chikasowa pa sukulu imene aliyense ali ndi kiyi, mlandu wake umathera m'kung'ung'udza. Mawu achinsinsi alembedwe, aikidwe m'envelopu yomata, asungidwe ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo wosamuka asakwere basi ya pa M1 asanapereke zonsezi pamaso pa komiti.

Komatu pali kulakwa kwina kumene kumaoneka ngati kusamala. Ndinafika pa sukulu ina, imene sinditchula, ndipo ahedi ananditsegulira chipinda monyadira, nandionetsa makompyuta ofundikidwa ndi zitenje, oyera ngati afika dzulo, ndipo mwana ngakhale mmodzi anali asanakhudzepo, chifukwa anaopa kuti akaonongeka adzafunsidwa. Ndinawamvera chisoni bambo amenewo, pakuti mantha awo anali oona. Koma ndinawakumbutsa za kapolo uja amene anakwirira ndalama ya mbuye wake m'nthaka, ndipo sanayamikidwe chifukwa choibweza yathunthu. Batire la laputopu losagwiritsidwa ntchito limafa lili chigonere, ndipo mwana wa Sitandade 8 amachoka osadziwa kulemba dzina lake pa makina amene anaperekedwa m'dzina lake.

Inu a ku Uliwa mukakweza maso kummwera mumaona mapiri a Khondowe. Kumeneko Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894, ndipo pofika 1905 anali atayatsa magetsi ochokera m'madzi a Manchewe, pamene mizinda yambiri ya m'dziko lino inali ikuunikirabe nyali. Anthu amakonda kusimba za magetsiwo, koma ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti pambali pa makina panali sukulu ya ntchito zamanja, kumene ana a makolo anu anaphunzira ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga a telegalafu. Makina sanabwere okha, anabwera ndi kuphunzitsa manja owasamalira. Lero muli ndi magetsi opangidwa pa mtsinje wa Wovwe, pakhomo panu pomwe, ndipo pa msika wa Uliwa pali anyamata okonza mafoni ndi mawailesi. Kodi munayamba mwaitana mmodzi wa iwo, wodziwika ndi wokhulupirika, kuti adzayese batire lanu ndi mita yake, musanalembe kalata yopempha zatsopano?

Tsono za kumene mungapemphe. Njira yake ndi ya a PEA ku TDC ya zoni yanu, ndipo iwo adzakufikitsani ku ofesi ya maphunziro pa boma. Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 ntchito ya BEFIT, pamodzi ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, yopereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, kuyambira m'sukulu 500 ndi cholinga chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Ndipo kwa a sekondale zoyendera, bungwe la MACRA lakhala likumanga zipinda za makompyuta pansi pa ntchito ya Connect a School. Koma taonani ichi, a wapampando: matabuleti a BEFIT amaphunzitsa mwana kuwerenga ndi masamu popanda mwanayo kulowa pa intaneti, ndipo chimene amafuna koposa ndi mphunzitsi woima pambali, makamaka kwa ana anu amene kunyumba amalankhula Chitumbuka pamene tabuleti ikuwalankhula m'Chichewa. Intaneti si chosowa chanu choyamba.

Sindikuletsa intaneti, pakuti ndi nkhokwe ya mabuku imene makolo athu akanailirira. Koma walira mvula walira matope, ndipo komiti imene ikuipempha iyambe yagwirizana malamulo ake, iwalembe ndi kuwapachika pa khoma. Mwana asakhale pa intaneti m'chipinda mopanda wamkulu, ndipo makina atembenuzidwe kuti mphunzitsi aone zimene zili pa galasi ali chiimire pakati pa chipinda. Zithunzi za ana, maina awo ndi zotsatira za mayeso awo zisatayidwe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo cha makolo, pakuti dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, ndipo sukulu siili kunja kwa lamulolo. Lamulo lachitatu ndi limene limandidanitsa ndi aphunzitsi ena, koma sindidzaleka kulinena: mphunzitsi asalemberane ndi mwana wa sukulu payekha pa foni, makamaka usiku, chofunika kunenedwa chinenedwe m'gulu mmene muli makolo. Timaopseza ana za alendo a kutsidya kwa nyanja, pamene nthawi zambiri wowononga mwana ndi munthu womudziwa, womugulira bandulo ndi kumubwereka foni, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Amayi a Mother Group, amene atsikana amawauza zimene sangauze ahedi, aitanidwe pa msonkhano umenewu, ndipo mawu awo amveke.

MUULUTSI: Nthawi ikutithera, bambo, koma pali kalata ina yopanda dzina, ya mayi amene mwana wawo wamkazi wa zaka 15 akuopsezedwa ndi mnyamata wina kuti akapanda kumupatsa ndalama afalitsa chithunzi chake chamaliseche.

MLANGIZI: Amayi, choyamba musamumenye mwanayo, ndipo musamulande foni mwaukali, wachita bwino kukuuzani, ndipo ana ambiri amavutika okha chifukwa choopa ndodo. Musalipire, pakuti wolandira lero abweranso mawa. Mauthenga oopsezawo ndi nambala ya mnyamatayo musafufute, koma chithunzicho musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa m'bale kapena kwa mfumu monga umboni, chifukwa malamulo athu kuyambira 2017 amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zotere za mwana, limaletsanso kuopseza munthu pa foni. Mawa m'mawa mupite naye ku polisi, mufunse ofesi ya Victim Support Unit, mutenge foniyo mmene ilili. Ndipo ngati mnyamatayo ndi wa sukulu yomweyo, ahedi adziwitsidwe mwachinsinsi, osati pa mzere wa m'mawa. Usiku uno womwe mukhoza kuimba pa 116, nambala ya Tithandizane imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO. Njaulere, ndipo mwanayo akafuna kulankhula yekha ndi mlangizi, mumupatse mpata.

MUULUTSI: Makalata otsala a ku Nyungwe ndi ku Vinthukutu tidzawawerenga sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino.