Za Kagulugufe Kamene Mbozi Yace Idya M'kati mwa Tsamba la Fodya

Inu eni mabanja olima fodya m'dziko la Kasungu, thyolani tsamba la pansi, mulipenye molozetsa ku dzuwa. Mukaona banga lotuwa, lopyapyala ngati pepala, ndi tindowe takuda m'kati mwace, dziwani kuti mwalowa kambozi.

Mace wa mboziyo ndi kagulugufe kakang'ono konga njenjete. Kakatambasula mapiko kapitirira pang'ono theka la inchi. Maonekedwe ace ndi a phulusa losanganizika ndi dothi, ndi timaanga takuda pa mapiko a kutsogolo. Mapiko a m'mbuyo ali ndi mphonje zonga ubweya. Usana kabisala kunsi kwa masamba ndi m'zibuma, nikauluka ndi cisisira. Cifukwa cace ambiri akalamba pa fodya osakaona. Kwao ndi ku South America, kumene kunacokeranso mbatata ya kacewere. Anzeru a tizirombo akachula Phthorimaea operculella, ndipo woyamba kulemba maonekedwe ace anali Zeller, m'caka ca 1873.

Kakazi kaikira mazira limodzi limodzi kunsi kwa tsamba, ndipo kamodzi kokha kakhoza kuikira oposa 100. Kukatentha dzira liswa asanathe masiku 7. Kambozi kotulukamo kaboola, nikalowa pakati pa khungu la pamwamba ndi la pansi, nikadya mnofu wa tsamba, kusiya makunguwo okha. Nthawi zina katsata msempha waukulu kufikira mu tsinde, ndipo mbande yanthete ifota nsonga. Kakakhwima kafika pafupi theka la inchi, koyera kapena kobiriwira, mutu wace wakuda. Atapita masabata awiri katuluka, nikaluka cikwa ca ulusi pa nthaka kapena m'zinyalala, nikacikuta ndi timcenga. M'menemo kagona masiku 7 kapena 10, ndi kutuluka kagulugufe. Moyo wonsewu utha mwezi umodzi pa nyengo yotentha. Tsono kuyambira pofesa nazale kufikira pothyola masamba omariza ipita mibadwo ingapo.

Mvula yamphamvu ipha tambiri. Kakonda dzuwa ndi pfumbi, ndiye cifukwa cace kasautsa makamaka nazale za mu October ndi minda ya m'zaka za ng'amba. Tsamba lodyedwa lisweka likauma m'cigafa, ndipo ogula ku Chinkhoma saliwerengera mtengo wabwino.

Koma funso lalikuru ndi ili: m'miyezi yopanda fodya, kagulugufeka kakhala kuti? Sikatha kupirira nthawi yaitali kopanda cakudya. Kakhala pa mphukira za mitengo ya fodya imene munthu anaisiya ciriri m'munda. Kakhalanso m'dimba, pa kacewere, matimati ndi mabiringano, pakuti zonsezi ndi abale a fodya. Taonani tsono zimene ticita tokha: tifuna madzi, ndipo tiika nazale kudambo, m'mbali mwa dimba lomwelo, monga ngati tiri kuitana mlendo ku cakudya.

Cotero mukatha kuthyola, zulani mitengo yonse ndi mizu yace, iume, isaphukenso. Lamulo la Boma litero, makamaka cifukwa ca nsabwe za fodya ndi nthenda zimene zinyamula, koma nchito yomweyo ithanso mbozi iyi. Mbande zotsala pa nazale muzizule pamene mwatha kuoka. Nazale muitalikitse ndi matimati ndi kacewere, muithirire mokwanira, ndipo tsamba lokhala ndi banga mulithyole ndi kulitentha. Izi muzipangane pa bwalo pamaso pa nyakwawa, pakuti kagulugufe sikadziwa malire a munda. Munthu mmodzi wosiya mitengo yace aweta mbozi za mudzi wonse.

Za mankhwala cenjerani. Mbozi iri m'kati mwa tsamba, ndipo mankhwala ambiri opopera saifika. Apha timabvu ting'onoting'ono timene tiikira mazira athu m'mazira ndi m'thupi la mboziyo, ndi kuipha. Timabvu totere tinatengedwa ku South America ndi kumasulidwa ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ndipo tinathandiza. Musanagule botolo, tengani masamba odyedwa, muwaonetse mlangizi wa kwanu kapena a ARET ku Mwimba.