Mfuti ya agogo: musathamangire kuipala dzimbiri

Amalonda anzanga, sabata ino tisiye kaye mitengo ya nyemba ndi khofi wa ku Misuku. Tikambe za katundu amene ena akumakufikirani naye mwakachetechete: mfuti yakale ya gogodela, kapena yaifupi ya m'manja, yomwe banja lapeza kudenga agogo atamwalira.

Zoterezi kuno n'zosadabwitsa. Boma la Chitipa linkatchedwa Fort Hill, ndipo msewu wa Stevenson wochoka ku Karonga kupita ku nyanja ya Tanganyika unkadutsa dera lino. Ku Karonga komweko Mlozi analimbana ndi azungu kuyambira 1887 mpaka 1895, ndipo mu 1914 kunachitika nkhondo ndi Ajeremani. Mfuti zinayenda.

Koma ukale pawokha si mtengo. Mfuti zosinthanitsa ndi minyanga zinkapangidwa zambirimbiri ku Birmingham ndi ku Liège, zambiri zotchipa. Osonkhanitsa zakale amayang'ana zidindo pachitsulo. Zilembo ELG m'kachizungulire zimasonyeza Liège, pomwe chisoti chachifumu ndi mawu akuti Tower n'chidindo cha ku Britain, ngakhale ena ankachikopera. Amafunanso kudziwa ngati thabwa ndi misomali n'zoyambirira, komanso mwini wake anali ndani. Gogodela wosulidwa ndi mmisiri wa m'mudzi angakhale wamtengo kubanja, koma osati kwa ogula akunja.

Apa mpamene ambirife timalakwa. Tinazolowera kuti katundu wowala ndiye amayenda msanga, ndiye timagwira sandipepala, vanishi, mwina mpaka kupita nayo kwa owotcherera. Sandipepala amafufuta zidindo zija, ndipo zikapita sizibwereranso. Ine ndingangopukuta fumbi ndi kansalu kouma n'kuisunga posafika chinyezi. Musayese n'komwe kuiwomba. Gogodela amatha kukhala ndi onga m'kati zaka zambiri.

Nanga lamulo? Musaganize kuti dzimbiri likupulumutsani. Kusunga kapena kugulitsa mfuti popanda chiphaso cha apolisi ndi mlandu, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act sililola kutulutsa zinthu zakale m'dziko popanda chilolezo. Wogula wokuuzani kuti mukakumane ku Tunduma kapena ku Nakonde akufuna kuti chiopsezo chonse musenze ndinu.

Musalipire kanthu. Uzani banjalo likadziwitse apolisi, mfutiyo itsale kunyumba, lipite ndi zithunzi za zidindo pafoni. Zithunzi zomwezo mungakaonetse ku nyumba yosungirako zakale ku Karonga, ndipo lembani zonse zimene akuluakulu a m'banjamo akukumbukira za mfutiyo akadali moyo.