Musathamangire kugulitsa wosewera mu ligi ya baseball ya pa intaneti

Tinene kuti mwalowa ligi ya Out of the Park Baseball, masewera a pa kompyuta amene Markus Heinsohn anatulutsa koyamba mu 1999, ndipo akupatsani timu yoti muziyendetsa. Pulogalamuyo mugula ndi madola makumi angapo. Muzipatulanso ola limodzi kapena awiri pa sabata, poti woyang'anira ligi amadikira zosankha zanu asanayendetse masewera. Izi n'zazing'ono. Chimene chimagwetsa ambiri ndi phuma pamsika wa osewera.

Ganizirani za chimanga. Wogulitsa chikangochoka kumunda amapeza zochepa, pomwe wosunga m'nkhokwe mpaka January amatchula yekha mtengo. Osewera nawonso ali ndi nyengo yawo.

Mu April ugwireni mtima. Ligi zambiri zimatsata kalendala ya Major League Baseball ya ku America, ya masewera 162 pa timu iliyonse, choncho masabata atatu oyamba sakuuzani zambiri. Wosewera wanu wodalirika akayamba moipa, musamutaye, chifukwa anzanu akungodikira kuti amutole motchipa. M'malo mwake yang'anani nambala yotchedwa BABIP. Mwa mipira khumi yomenyedwa kulowa m'bwalo, pafupifupi itatu ndi imene imamufikitsa womenya pa base, ndiye nambalayo imakhala cha m'ma .300. Womenya wamba akafika .400, ndi mwayi chabe umenewo, ndipo sukhalitsa. Ngati ndi wanu, mugulitseni anthu akadamutamanda. Ngati ndi wa mnzanu ndipo watsikira ku .230, kamufunsireni mwakachetechete.

Pakutha pa June khalani pansi, mudziuze zoona: kodi timu yanu ikulimbirana chikho kapena ayi? Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Ngati muli kutali, konzekani kugulitsa, poti msika umatsekedwa cha pa 31 July, ndipo matimu apamwamba amakhala ndi njala. Yambani ndi wosewera amene kontirakiti yake ikutha chaka chomwecho. Akakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu amakhala mfulu, ndipo atha kuchoka inu osapeza kanthu koyenera. Oponya mpira a kumapeto kwa masewera amakweranso mtengo mu July. Posinthana, pemphani anyamata a zaka 20 mpaka 22, chifukwa wosewera amafika pachimake cha pa zaka 27, ndipo akadutsa 30 amayamba kutsika.

Koma musadikire tsiku lomaliza. Ine ndinasungapo woponya wina pofuna mtengo wokwera, ndipo anavulala chigongono kutatsala sabata imodzi. Yambani kukambirana pa tchuthi cha All-Star, pakati pa July, ndipo funsani matimu atatu kapena anayi musanavomere.

Pogula, funsani kumene munthuyo amasewerera. Bwalo la Coors Field ku Denver lili pamalo okwera kwambiri, mpira umauluka patali, ndiye womenya wa kumeneko manambala ake amanenepa. Akabwera kwanu atha kuonda.

Mukakumana ndi mlendo wosadziwa mitengo, musamudyere masuku pamutu. M'maligi ambiri woyang'anira ali ndi mphamvu yokana malonda opendekera, ndipo anzanu akakudziwani kuti ndinu kathyali, July wa chaka chamawa mauthenga anu sadzayankhidwa.